Lipoti la ngozi ya macheka a patebulo: dzanja lamanzere, makina a madola 179 ndi chigamulo cha madola 1.5 miliyoni

Ndine kalipentala, ndipo masiku ano nthawi yanga yambiri imathera pa kuphunzitsa anyamata ndi atsikana amene amabwera kushedi kwanga kudzaphunzira ntchito. Pa zida zonse zili mmenemo, chimene chimandisowetsa tulo ndi macheka a patebulo, aja okhala ndi chimbale cha mano chotulukira pakati pa tebulo, choyendetsedwa ndi mota. Tsiku loyamba aliyense amawaopa. Pakatha miyezi itatu mantha aja amatha, ndiye pamene ine ndimayamba kuda nkhawa.

Lipoti ili ndi la ngozi imene inachitika ku America, m'chigawo cha Massachusetts, pa 19 Epulo 2005. Ndaisankha chifukwa inakafika kukhoti, mboni zinalumbira, ndipo zimene zinachitika zinafotokozedwa mwatsatanetsatane. Ngozi zathu kuno sizilembedwa chotero. Munthu amangobwerako kuchipatala ndi bandeji, anzake n'kunena kuti ndi tsoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina la wovulalayo ndalisiya dala.

Zimene zinachitika

Bamboyu anali waganyu pa kampani yaing'ono yoyala matabwa apansi m'nyumba za anthu. Ukalipentala sinali ntchito imene anaphunzira kusukulu. Anaidziwira pantchito pomwepo. Macheka amene ankagwiritsa ntchito anali a abwana ake, aang'ono onyamula m'manja, a mtundu wa Ryobi BTS15, ogulidwa pa madola 179.

Tsikulo ankafuna kucheka thabwa m'litali mwake mopendeketsa, kuti mbali ina likhale lalikulu, mbali ina lichepe. Aliyense woyala matabwa amakumana nazo zimenezi akafika kukhoma, chifukwa makoma ambiri saongoka. Pamakinapo panalibe chophimba chimbale. Fensi, chitsulo chija chimene thabwa limatsamira kuti liyende mowongoka, nayonso inali itachotsedwa. Thabwa ankaliwongolera ndi manja okha. Ulendo woyamba linakana kuyenda. Anazimitsa, n'kuyambiranso, ulendo uno akukankha mwamphamvu. Dzanja lamanzere linatsetsereka n'kulowa m'mano a chimbale.

Zala zinavulala koopsa. Anachitidwa maopaleshoni asanu, kenako miyezi yambiri yophunzitsa dzanjalo kugwiranso zinthu.

Mmisiri aliyense amene wawerenga ndime ziwirizi wapukusa kale mutu, ndipo ndikudziwa chimene akunena mumtima: munthuyu anadzivulaza yekha. Inenso ndinatero nditangoimva nkhaniyi. Koma khoti linafunsidwa funso lina. Kodi panali njira yoti makinawo, ngakhale munthu atalakwitsa chotero, asamudule zala? Njirayo inalipo, ndipo opanga macheka ankaidziwa.

Buleki yomva khungu la munthu

Tiyambe ndi masamu pang'ono, chifukwa ndi amene amaonetsa kukula kwa vuto. Chimbale cha mainchesi 10, chimene ndi mamilimita pafupifupi 250, chimazungulira maulendo pafupifupi 4,000 pa mphindi. Kunsonga kwa mano liwiro lake limayandikira makilomita 190 pa ola. Ngati chili ndi mano 40, ndiye kuti mano oposa 2,600 amadutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse. Munthu wathanzi, wosatopa, amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kuti amve ululu n'kubweza dzanja. M'kanthawi kameneko mano oposa 500 adutsa kale pachala. Ndiye zoti “ine ndine wochangamuka, ndingabweze dzanja msanga” ndi zongodzinamiza. Palibe mmisiri wofulumira kuposa chimbale.

Mu 1999, a Steve Gass a ku Oregon, loya wa nkhani za umwini wa luso amenenso anaphunzira kwambiri sayansi ya fizikisi ndipo ankakonda ukalipentala kunyumba kwawo, anapeza njira yoti makinawo azindikire okha kuti akhudza munthu. Luso lawo analitcha SawStop. Limagwira ntchito motere. Pachimbale pamayenda kamphamvu kochepa kwambiri ka magetsi, koti munthu sangakamve. Thabwa louma silitenga magetsi, choncho pocheka kamphamvuko sikasintha. Thupi la munthu lili ndi madzi ndi mchere. Chala chikangokhudza dzino, chimakoka gawo la kamphamvu kaja. Kakompyuta kamene kali pansi pa tebulo kamaona kusinthako, n'kutumiza magetsi amphamvu ku kawaya kopyapyala kamene kamagwira sipuling'i yopanidwa. Kawayako kamapsa n'kuduka, sipuling'i imamasuka n'kuponya chipika cha aluminiyamu m'mano a chimbale. Mano amazika m'chipikacho, chimbale chimaima, ndipo mphamvu yomwe ija chimazungulira nayo imachikokera pansi pa tebulo. Mota nayo imazima. Zonsezi zimatha pasanakwane gawo limodzi mwa magawo 200 a sekondi.

Mu 2000 anakaonetsa lusoli pa chionetsero chachikulu cha zida za matabwa mumzinda wa Atlanta. Ankaika soseji pathabwa, kuimira chala, n'kukankhira m'chimbale. Kunkamveka phokoso lalikulu, chimbale n'kusowa patebulo, soseji n'kutsala ndi kachilonda ngati kokandidwa ndi minga.

Buleki imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo sindifuna kuubisa. Ikawomba kamodzi, katiriji yonse ya buleki, kabokosi kokhala ndi chipika chija ndi sipuling'i, imafunika ina, ndipo nthawi zambiri chimbale nachonso chimaonongeka. Thabwa lonyowa kwambiri, thabwa longonyikidwa kumene m'mankhwala oteteza chiswe, kapena chitsulo ngati aluminiyamu, zingathe kuiwombetsa popanda chala chilichonse pafupi. N'chifukwa chake makinawo ali ndi kiyi wozimitsira chitetezocho pocheka zinthu zotere. Komanso dzanja likabwera mwaliwiro, chilonda chimakula. Dzanja loyenda mita imodzi pa sekondi limasuntha mamilimita asanu m'kanthawi kaja ka buleki. Magazi angatuluke, mwina mpaka kukasokedwa, koma chala chimatsala padzanja.

Ku khoti

A Gass poyamba sankafuna kupanga macheka. Ankafuna kugulitsa chilolezo cha luso lawo kwa makampani akuluakulu. Anakambirana ndi angapo, Ryobi ili m'gulumo, ndipo zokambirana ndi Ryobi zinafika patali mu 2002 zisanasokonekere. Nthawi imeneyo palibe kampani imene inatenga lusolo. Mu 2004 kampani ya a Gass, yotchedwanso SawStop, inayamba kugulitsa macheka akeake. Ngozi yathu ija inachitika chaka chotsatira.

Mlandu unali wotsutsana ndi One World Technologies, kampani ya macheka a Ryobi ku America, ndipo unazengedwa mu 2010 kwa masiku asanu ndi atatu pamaso pa gulu la anthu wamba osankhidwa kuti agamule, monga amachitira kumeneko. Mbali ya wovulala inati makinawo anali olakwika m'kapangidwe chifukwa analibe buleki imene kampaniyo inkaidziwa kale. A Gass anaperekera umboni, ndipo anati kuika lusolo kukanawonjezera ndalama zosafika madola 150 pamtengo wa macheka. Kampaniyo inayankha kuti macheka aang'ono otere akanalemera, akanakwera mtengo pafupifupi kawiri, ndiponso kuti wovulalayo ankacheka popanda zotetezera zimene zinabwera ndi makinawo.

Ogamula anapeza kuti bamboyu anali ndi gawo lake la kulakwa, 35 pa 100 aliwonse. Komabe anamupatsa madola 1.5 miliyoni, ndipo ndalamayo sinachepetsedwe, chifukwa pa mtundu wa dandaulo limene anapambana nalo, malamulo a ku Massachusetts salola kuti kusasamala kwa wogwiritsa ntchito katundu kuchotsere chipukuta misozi. Kampani inachita apilo, koma mu Okutobala 2011 khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulocho.

Amisiri ambiri ku America anakwiya nacho chigamulochi. Ena anati a Gass, pokhala loya wa umwini wa luso, ankafuna kukakamiza dziko lonse kugula katundu wawo. Dandaulo limenelo si lopanda mutu. Mu 2003 iwo ndi anzawo anapempha bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, kuti likhazikitse lamulo loti macheka onse a patebulo akhale ndi chitetezo chotere. Ndipo kampani ya Bosch itatulutsa macheka ake a Reaxx, amene ankagwetsera chimbale pansi pa tebulo osachiononga, SawStop inaisumira, mpaka mu 2017 macheka amenewo analetsedwa kulowa m'dziko la America. Zimenezi zimandipweteka mtima. Munthu amene wapeza mankhwala ali ndi ufulu wodyerapo, koma chaka chilichonse cha mikangano imeneyi chinalipiridwa ndi zala za anthu. Bungwe lija limawerengera kuti ku America anthu pafupifupi 30,000 pachaka amathamangira kuchipatala atakhudzidwa ndi chimbale cha macheka a patebulo, ndipo pafupifupi 4,000 mwa iwo amaduka chala kapena zala. Ndi anthu oposa khumi tsiku lililonse. Mu 2017, kenakonso mu 2023, bungweli linatulutsa ganizo la lamulo loti chala choyandikira pa liwiro la mita imodzi pa sekondi chisachekedwe kuzama kuposa mamilimita 3.5. Ku Ulaya makampani ena apita njira zawo: Felder ili ndi makina omva dzanja lisanakhudze n'komwe chimbale, ndipo Altendorf imagwiritsa ntchito makamera oyang'ana manja.

Mmene ndikuionera ngoziyi

Pa funso la buleki, ndili kumbali ya ogamula aja. Malangizo onse a chitetezo amene timaphunzitsa amadalira kuti munthu asalakwitse ngakhale kamodzi, pa matabwa zikwi ndi zikwi, pa zaka makumi atatu, ali ndi njala, ali ndi maliro kumudzi, kasitomala ataima pakhomo akufuna chitseko chake. Munthu wotero kulibe. Ndaona amisiri akuluakulu, aluso kundiposa kutali, ali ndi zala zinayi. Buleki ndi chinthu chokhacho pamakina chimene chimayamba ntchito munthu atalakwitsa kale.

Koma ngozi ya bamboyu sinayambire pamene dzanja linatsetsereka. Ndikaiyala pabenchi ngati mpando wothyoka, ndimaona malumikiziro angapo amene anamasuka kale.

Poyamba pali ntchito imene anapatsidwa. Kucheka mopendeketsa sikutheka ndi fensi yokha, chifukwa fensi imayenda molingana ndi chimbale. Mmisiri wodziwa amapanga kabolodi konyamulira thabwa: amatenga pulayiwudi wowongoka m'mbali, amamangirirapo thabwa lija molipendeketsa mmene akufunira, n'kuyendetsa kabolodiko motsamira fensi. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Amene sanaonetsedwe njira imeneyi amaona kuti fensi ikumutchinga, ndiye amaichotsa. Apa ndipo ndimakana kumuweruza yekha munthuyu. Ukaona mwana wa ng'ombe akudya udzu, anaonera amake. Wophunzira amagwira makina mmene wawapezera, ndiponso mmene waonera akuluakulu akuwagwirira. Ngati chophimba chimakhala chopachikidwa pamsomali kukhoma, iye amaphunzira kuti malo ake ndi amenewo.

Fensi ikachoka, thabwa limayamba kuvina. Ndikufuna ndichedwe pano, chifukwa ambiri timacheka zaka zambiri osaganizira zimene mano akuchita. Kutsogolo kwa chimbale, kumene kwayang'ana mmisiri, mano amatsikira pansi ndipo amapanikizira thabwa patebulo. Kumbuyo kwake mano amakwera m'mwamba. Thabwa likapotoka pang'ono pokha, kapena mpata wochekedwa ukatsekeka chifukwa thabwalo lili ndi mphamvu zake zamkati, limagwira mano akumbuyo aja. Pamenepo pamachitika chimodzi mwa ziwiri: thabwa limakana kuyenda, mota n'kuyamba kulira mobuula, kapena mano amalinyamula n'kuliponyera kwa mmisiri ngati mwala wa legeni. Pobwerera chotero limatha kukokera dzanja m'chimbale. Buleki ya SawStop siletsa thabwa kubwerera. Ntchito imeneyo ndi ya kachitsulo kopindika kokhala kuseri kwa chimbale, kamene amati riving knife, kamene kamalowa mumpata wochekedwa n'kuuletsa kutsekeka.

Kenako pali kukana kwa thabwa ulendo woyamba. Kwa ine apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Makina anamuuza kuti china chake sichili bwino. Anazimitsa, ndipo anachita bwino. Koma anayambiranso popanda kusintha chilichonse kupatula mphamvu. Ukamakankha molimba chinthu chimene chakana, thupi lako lonse limatsamira kutsogolo. Chikangomasuka mwadzidzidzi, kapena dzanja likaterereka pathabwa losalala, kulemera konse kuja kumapita komwe umakankhira. Ngati dzanja linali pamzere wa chimbale, likupita m'mano. Ndimawauza ophunzira anga kuti pocheka azidzifunsa: thabwali litasowa pompano, dzanja langa likagwera pati?

Zimene ndasintha kushedi kwanga

Kuno kwathu ambiri sitigwiritsa ntchito macheka ochokera kufakitale. Timagula mota, shafiti, lamba ndi chimbale, wowotcherera zitsulo n'kutipangira miyendo, pamwamba n'kukhomapo matabwa. Fensi ndi kathabwa kokhomedwa ndi misomali iwiri. Chophimba palibe, riving knife palibe. Ena siwichi alibe, amangolumikiza mawaya. Macheka okhala ndi buleki yomva khungu ndi okwera mtengo kwambiri kwa shedi ngati yanga, ndipo makatiriji ake angafunike kuitanitsa kunja. Komanso paini ndi bulugamu zimene timagula nthawi zambiri zimabwera zisanaume bwino, choncho mmisiri angamakhalire kuzimitsa chitetezocho. Ndikanakonda masukulu a ntchito zamanja ndi mafakitale a mipando, amene angakwanitse, akamagula makina atsopano azifunsa za buleki imeneyi, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli manja ambiri osazolowera. Enafe tiyenera kugwira ntchito pa malumikiziro ena aja.

Chimene chinandifulumizitsa ndi mnyamata wanga wina. Ankacheka paini wonyowa, ine ndili panja ndi kasitomala. Ndinamva mota ikubuula, kenako phokoso. Thabwa linamumenya m'nthiti n'kumugwetsa. Zala zinapulumuka chifukwa anali atangosuntha dzanja kuti agwire kumapeto kwa thabwa. Cholakwa chinali changa: benchi imeneyo ndinaipanga ndine, ndipo inalibe kanthu kuseri kwa chimbale.

Sabata yomweyo tinadula riving knife pa chitsulo chafulati n'kuimangirira ndi mabauti pansi pa tebulo. Miyeso ndinatsata ya bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain, la Health and Safety Executive. Kachitsuloko kayenera kukhala kochindikala kuposa thupi la chimbale, koma kopyapyala kuposa mpata umene mano amasiya, ndipo pamwamba pa tebulo kasatalikirane ndi mano kupitirira mamilimita 8. Kakakhala kopyapyala kwambiri sikagwira ntchito. Kakachindikala mopitirira, thabwa limakakamira pa iko. Tinakaongola katatu kasanakhale pamzere weniweni wa chimbale. Pamwamba pake tinaikapo chophimba cha thabwa chotha kukwera ndi kutsika, ndipo chimbale sitichikweza kuposa mmene thabwa la tsikulo likufunira.

Timitengo tokankhira tinapanga tambiri, totalika mamilimita 450, tokhala ndi kakamwa kumapeto kogwirira thabwa. Kalikonse kafupi kuposa mamilimita 300, ndiponso mamilimita 300 omaliza a thabwa lalitali, timakankha ndi kamtengo. Zidutswa zotsalira pambali pa chimbale timazichotsanso ndi kamtengo komweko, osati ndi zala. Ndinazindikira kuti kamtengo kakakhala kamodzi kamasowa mu utuchi ndipo palibe amene amakafuna, ndiye tsopano tilipo tinayi, tiwiri tomangidwa ndi chingwe kubenchi. Kabolodi kochekera mopendeketsa kali pamsomali pafupi ndi fensi, ndipo wophunzira aliyense amapanga kake m'mwezi woyamba.

Siwichi tinasintha. Yakale inkakhala yoyatsa magetsi akazima, ndiye akabwerera, chimbale chinkadzuka chokha, mwina wina akuchotsa utuchi pamenepo. Ya tsopano imadzizimitsa magetsi akapita, ndipo siyaka mpaka munthu aidinenso. Batani lozimitsira ndi lalikulu, lili pofika bondo, kuti manja onse akhale pathabwa pozimitsa. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera saloledwa pabenchi imeneyi, chifukwa dzino likagwira nsalu limakoka ndi dzanja lomwe.

Lamulo limene ndinatenga mwachindunji ku ngozi ya ku Massachusetts ndi ili: thabwa likakana, zimitsa, dikira chimbale chiime, ndipo usayambirenso usanandiitane. Timayang'ana limodzi ngati mano abuntha, ngati fensi yapendekera mkati kumbuyo, ngati thabwa ndi lopindika kapena lonyowa. Poyamba anyamata ankachita manyazi kundiitana, poopa kuoneka osadziwa ntchito. Ndinayamba kuwaitana ineyo thabwa likandikanira, kuti adzaone nane. Panopa amaitana.

Chomaliza ndi chimene ndimapemphera kuti tisadzachigwiritse ntchito. Pakhoma pafupi ndi khomo pali kabokosi. Muli nsalu zoyera, mabandeji ndi timatumba tapulasitiki. Aliyense amadziwa zochita: kupanikiza pachilonda ndi nsalu yoyera, kukweza dzanja m'mwamba, ndipo ngati chala chaduka, kuchikulunga m'kansalu koyera konyowa pang'ono, kuchiika m'kathumba n'kumanga, kenako kathumbako kukaika m'madzi ozizira a ayezi. Chala chisakhudze ayezi mwachindunji, ndipo chisaviikidwe m'madzi chisanaikidwe m'kathumba. Mayi wa golosale yoyandikana nafe ali ndi firiji, ndipo ndinakambirana nawo kale kuti tsiku lotero adzatipatsa ayezi osafunsa zambiri. Pansi pa mabandeji pali envelopu ya ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala, ndipo Lolemba lililonse ndimaitsegula kuona ngati ikadali yokwanira.